Kuika injini yaikulu mu Hilux yakale: ntchito yake imayenda chonchi

Pali ma Hilux ena pamsewupa amene anakana kufa. Bodi inachita dzimbiri, mpando anausoka kangapo, chitseko cha kumanzere chimatsegukira kunja kokha, koma chasisi idakali nganganga. Chimene chimatha ndi injini. Imayamba kumwa oyilo ngati thobwa, m'mawa imafuna anyamata okankha, ndipo pa chitunda cha Thabwa, pochokera ku Chikwawa ndi katundu, imakwera mu giya wani utsi uli tolotolo kumbuyo. Apa m'pamene mwini wake amayamba kuganiza kuti, poti ndigula ina basi, bwanji ndingoikamo yaikulu?

N'zotheka, ndipo ambiri anachita galimoto n'kuwatumikira zaka. Koma walira mvula walira matope. Pa ntchito yonseyi, kulowetsa injini m'boneti ndiye gawo laling'ono. Chimene chimadya ndalama ndi masabata ndi zimene zaizungulira: giyabokosi, rediyeta, mawaya, mabuleki ndi mapepala. Ndifotokoza potengera Hilux ya dizilo ya m'zaka za m'ma 1990, monga LN106 ndi anzake, chifukwa ndi imene ndakhala nayo pansi pake nthawi yaitali. Nzeru zake zimagwiranso pa pikapu za mitundu ina.

Yambani mwaifunsa galimotoyo ngati ingakwanitse

Musanapite kokagula kalikonse, tsukani kunsi kwa galimoto, muiike pa dzenje, mutenge hamala ndi tochi. Gogodani chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pamene pamangidwa masipuling'i, pamene pakhala bokosi la chiwongolero, ndi pakati pa kabini ndi bodi pamene pamakonda kuthyoka galimoto ikamanyamula mopyola. Chitsulo chabwino chimalira ngwee. Chodyeka mkati chimalira phuu, nthawi zina hamala n'kulowa. Mukapeza ming'alu, kapena malo owotcherera pamwamba pa powotcherera pena, imani kaye. Injini yamphamvu imapotokola chasisi kuposa yakale ija, ndipo mng'alu umene unali kugona umadzuka.

Sankhani injini, ndipo apa m'pamene pagona nkhani

Ma Hilux akalewa anabwera ndi injini za banja limodzi: 2L ya 2446 cc, 3L ya 2779 cc, ndi 5L ya 2986 cc. Zonsezi n'zachibale. Buloko yake ndi yofanana kunja, mabowo omangira giyabokosi ndi amodzi, miyendo yokhalira pa chasisi ndi yomweyo. Kuchotsa 2L kapena 3L n'kuikapo 5L ndi ntchito ya masiku ochepa, ndipo ngati 5L yo ili ya pampu wamba, yopanda kompyuta, mawaya ake ndi owerengeka pa zala. Chenjerani ndi 5L-E, imene pampu yake imalamulidwa ndi kompyuta. Imeneyo imafuna mawaya ake onse.

Koma ndikuuzeni zoona, kusiyana kwa 3L ndi 5L si kwakukulu monga anthu amakambira pa galaja. 3L imakoka ndi mphamvu ya 188 Nm, ndipo 5L imangopitirira pang'ono, osafika ndi 200 pomwe. Munthu akachotsa 3L yotheratu n'kuika 5L yabwino amaona ngati wagula ndege, pamene chimene akumvacho n'kusiyana kwa injini yodwala ndi yamoyo. Ngati chimene mukufuna ndi galimoto yodzuka m'mawa yokha, yokonzeka ndi makaniko aliyense kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, tengani 5L ndipo musachite nayo manyazi. Kwa anthu ambiri onyamula chimanga, fodya ndi simenti, malangizo anga amathera pomwepo.

Amene akufunadi mphamvu amayang'ana 1KZ-TE, ya 2982 cc yokhala ndi tabo (kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini), imene Toyota inayamba kupanga mu 1993 n'kuiika mu Hilux Surf, Prado ndi Hiace. Kukula kwake n'chimodzimodzi ndi 5L, koma chifukwa cha tabo imakoka kuyambira cha m'ma 290 Nm mpaka kupitirira 340 malinga ndi mtundu wake. Imeneyi ndi nyama ina. Si ya banja la L, choncho sigwirizana ndi giyabokosi yanu, miyendo yake imakhala malo ena, ili ndi kompyuta, ndipo hedi yake ndi ya aluminiyamu imene imang'aluka ikangotenthedwa kwambiri. Zambiri zimene ndilembe m'munsimu ndi za ntchito ya 1KZ imeneyi.

A Nissan ndi a Isuzu ali ndi njira zawo zofanana ndi izi: TD27 imalowedwa m'malo ndi QD32 ya banja lomwelo, ndipo 4JA1 ya mu KB imasinthidwa ndi 4JB1. Abale athu a ku Joni amakonda kuika V8 ya petulo ya Lexus, 1UZ-FE ya malita 4, mu Hilux, ndipo kulira kwake n'kokoma zedi. Koma munthu amene anagonapo pa mzere wa mafuta ku Lilongwe aganize kawiri asanatengere zimenezo.

Gulani half cut, osati injini yamaliseche

Half cut ndi mutu wa galimoto wodulidwa ku Japan, wobwera ndi injini, giyabokosi, rediyeta, mawaya, kompyuta, dashibodi ndi tizitsulo tonse tating'ono. Imadula kuposa injini yokha, inde. Koma mukagula injini yamaliseche mudzatha mwezi mukuzungulira ku Biwi, ku Malangalanga kapena ku Ndirande kufunafuna kapulagi kamodzi, kapaipi kamodzi, kabulaketi kamodzi, ndipo kalikonse adzakutchajani poona kuti mwapanikizika.

Sankhani yochokera m'galimoto yofanana ndi yanu. Injini ya mu Hiace imakhala pansi pa mpando, choncho sampu yake (beseni la oyilo la pansi pa injini), pothirira oyilo ndi mapaipi a mpweya zinapangidwa mosiyana ndi za mu pikapu. Ngati yanu ndi 4x4 pali china chofunika kwambiri: mbali imene propushafti ya kutsogolo imatulukira. Pa LN106 difu ya kutsogolo ili kumanja. Surf yakale, KZN130, nayonso imatulutsira kumanja, koma Surf yotsatira, KZN185, imatulutsira kumanzere. Gwadani muone ndi maso anu musanalipire. Onaninso ngati ili ya manual kapena automatic, chifukwa ma Surf ambiri ochokera ku Japan ndi a automatic.

Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Uzani wogulitsayo kuti mukufuna kuiona ikulira yozizira, asaitenthetse inu musanafike. Ikalira tsegulani chotsekera oyilo: kampweya pang'ono n'kabwinobwino, koma ikamafuka ngati ketulo, maring'i anatha. Yang'anani kunsi kwa chotsekeracho. Mukaona zoyera ngati chambiko, madzi akusakanikirana ndi oyilo. Thirani madzi mu rediyeta muone ngati akutulutsa thovu injini ikulira, chifukwa pa 1KZ chimenecho ndi chizindikiro cha hedi yong'aluka. Gwirani kashafti ka tabo ndi zala: kugwedera pang'ono chammbali n'kololedwa, koma kakamapita kutsogolo ndi kumbuyo, kapena mapiko ake akakhala okhulika, tabo yatha. Ngati mungapeze geji ya compression, yesani masilinda onse anayi. Injini yabwino imaonetsa cha m'ma 30 kg/cm², yotsika kufika pa 20 yafika kumapeto, ndipo masilinda asasiyane kupitirira 5.

Musanyamule injini popanda lisiti yolembedwa nambala ya injiniyo, dzina la wogulitsa ndi mapepala osonyeza mmene inalowera m'dziko muno. Pukutani pa buloko pamene pali nambala, muiwerenge nokha, muijambule pa foni. Nambala yooneka kuti inapalidwa kapena kudindidwanso, isiyeni ngakhale mtengo ukome bwanji. Galimoto yobedwa imagulitsidwa zidutswazidutswa, ndipo wopezeka ndi chidutswa ndiye amayankha mafunso ku polisi.

Kutsitsa yakale

Apa palibe zovuta zambiri, koma chitani mwadongosolo. Jambulani zithunzi zambiri musanamasule kanthu. Chotsani batire, khuthulani madzi ndi oyilo, chotsani boneti ndi rediyeta. Waya aliyense amene mwamasula mumumate kapepala kolemba kumene amapita. Mabawuti a chinthu chilichonse akhale m'jumbo yakeyake. Musanachotse giyabokosi, yezani ndi tepi kuchokera pa malo odziwika a chasisi kufika pamene propushafti imamangidwa, ndiponso kutalika kwake kuchokera pansi, mulembe. Manambala amenewa mudzawafuna.

Injini imeneyi imalemera kupitirira makilogalamu 200. Ndikudziwa kuti magalaja ambiri amapachika tcheni buloko pa nthambi ya mango, ndipo masiku ambiri nthambiyo imapirira. Ngati palibe njira ina, sankhani nthambi yaikulu pafupi ndi thunthu, muichirikize ndi mtengo wolimba. Munthu asalowetse mutu kapena dzanja pansi pa injini yolendewera. Galimoto ikhale pa masitandi achitsulo, osati pa njerwa zosanjikiza.

Injini yakaleyo musafulumire kuigulitsa. Mudzachotsako masensa a geji, mabulaketi, mwina ndi alitineta.

Ntchito yochitira pansi, injini isanakwere

Chilichonse chimene chili chovuta kuchifikira injini ili m'galimoto, chichiteni panopa ili pa tayala pansi. Sinthani thayimingi beluti pamodzi ndi tenshona yake. Toyota imati lamba ameneyu asinthidwe pa makilomita 100,000, ndipo simukudziwa kuti mwini wake ku Japan anasintha liti. Akaduka injini ikuyenda, mavavu amagundana ndi mapisitoni. Sinthaninso pampu ya madzi, thermostat, oyilo silu ya kumbuyo kwa kirankishafti, ndi timapulagi ta m'mbali mwa buloko ngati tayamba dzimbiri. Yesani magulo pulagi onse anayi. Manozo apite nawo kokayezetsa.

Kenako giyabokosi. Ma Hilux ambiri a injini za L anabwera ndi magiyabokosi ang'onoang'ono a mtundu wa G kapena W, pamene 1KZ imayenda ndi a mtundu wa R, monga R150F ndi R151F, amene ndi olimba kwambiri. Ena amasula chitsulo cholumikizira kuti asunge giyabokosi yakale. Ine sindilimbikitsa zimenezo. Giya faifi ndi imene imayamba kulira, kenako mabering'i, ndipo mwezi wa chisanu ndi chimodzi mudzagula giyabokosi imene munaikana poyamba ija.

Ngati injini yanu inachokera m'galimoto ya automatic ndipo inu mukufuna manual, mufunika fulayiwilo ya 1KZ, kilatchi yathunthu yatsopano, ndi kabering'i kakang'ono kolowa kumbuyo kwa kirankishafti kogwira nsonga ya shafti ya giyabokosi. Injini ya automatic ilibe kabering'i kameneka. Ife tinakaiwala ulendo wina. Tinamanga zonse, galimoto inalira bwinobwino, tinagulirana ndi zoziziritsa kukhosi. Patangotha sabata magiya anayamba kuvuta kulowa, kukumveka phokoso lachilendo pansi pa mapazi. Tinatsitsanso giyabokosi yonse chifukwa cha kachitsulo kokwana m'chikhatho, kotsika mtengo kuposa nkhuku. Mabawuti a fulayiwilo amangidwe ndi sipanala yoyezera mphamvu molingana ndi buku la injiniyo, osati ndi paipi yoonjezera ndi mnyamata wamphamvu.

Sampu nayo iunikeni panopa. Pa galimoto ya difu yathunthu kutsogolo, mimba ya sampu iyenera kupatukana ndi difuyo ndi ndodo za chiwongolero, ndipo mpata wake muuyeze poganizira kuti galimoto ikagwera m'dzenje difu imakwera m'mwamba. Mukasintha sampu, sinthani pamodzi ndi paipi yokokera oyilo ndi dipisitiki yake. Zitatuzi zimayendera limodzi. Mukasakaniza, dipisitiki idzakunamizani kuti oyilo ndi wokwanira.

Kuyesera, kuwotcherera ndi propushafti

Lumikizani injini ndi giyabokosi pansi, muzilowetse pamodzi. Musawotcherere kanthu tsiku loyamba. Isiyeni ilendewere pa tcheni, jeke ili pansi pa giyabokosi, muisunthe pang'onopang'ono mpaka zinthu izi zitakhala bwino: ndodo ya magiya ikutulukira pa bowo lake kapena pafupi, kumbuyo kwa hedi kwasiya mpata wa zala ziwiri ndi khoma la kabini, kutsogolo kwatsala malo a fani ndi rediyeta, tabo ndi ekizozi sizikukhudza shafti ya chiwongolero kapena mapaipi a mabuleki, ndipo boneti ikutsekeka. Injini ikhale mowongoka motsatira chasisi, yopendekera kumbuyo pang'ono monga inalili yakale.

Mukakhutira, dulani makatoni m'maonekedwe a miyendo imene ikufunika, kenako musule ndi chitsulo chochindikala mamilimita 5 kapena 6. Gwiritsani ntchito mphira za mauntingi za 1KZ yomweyo, zatsopano. Wowotcherera agwirize ndi timadontho kaye, mutsitsire kulemera konse kwa injini pa miyendoyo, muonenso mipata yonse ija. Zikakhala bwino tulutsaninso injini kuti awotcherere bwinobwino mbali zonse, ataika chigamba cha chitsulo pa chasisi kuti kulemera kusagwere malo amodzi. Inde, kutulutsanso n'kotopetsa, koma wowotcherera sangagwire ntchito yooneka atapanikizika pakati pa buloko ndi chasisi. Nthawi yonse yowotcherera, batire ndi kompyuta zikhale zochotsedwa, mapaipi a dizilo atakutidwa. Pentani mukamaliza.

Giyabokosi ikasintha, mtanda wake wa pansi umasuntha ndipo mapropushafti amafunika kudula kapena kutalikitsa. Iyi ndi ntchito ya ku malo okhala ndi makina osulira zitsulo, osati ya pansi pa mtengo. Majointi a mbali ziwiri ayang'ane kumodzi monga analili, ndipo shafti iyezedwe kuti isalemere mbali imodzi. Yowotcherera mwachisawawa imanjenjemeretsa galimoto yonse mukafika pa 80, ndipo imadya mabering'i a difu ndi a giyabokosi mwakachetechete.

Madzi: pano musaumire

Ndikanati ndisankhe gawo limodzi loti muwerenge kawiri, ndi lino. Ma 1KZ ambiri amene anafera m'ma Hilux kuno sanafe ndi ukalamba. Anaphikidwa. Injini yotulutsa mphamvu zambiri imatulutsanso kutentha kwambiri, ndipo rediyeta ya 3L ya zaka 30, yodzaza matope a madzi a pa mjigo, singathe kukuchotsa. Onjezani dzuwa la Okutobala ku Chigwa cha Shire, katundu wodzaza, ndi chitunda chotalika ngati cha Chiweta kapena Khwekhwerere, hedi ya aluminiyamu ija imang'aluka pakati pa mavavu.

Ikani rediyeta yaikulu imene ingakwane pamalopo, yatsopano kapena yomangidwanso ndi mizere itatu. Ya mu half cut, ngati mukufuna kuigwiritsa ntchito, ipite kaye kokatsegula ndi kutsuka. Surf ya automatic imadutsitsa oyilo wa giyabokosi mu rediyeta. Ngati mwapita ku manual timapaipi timeneto mungotitseka.

Fani ikhale ya pa injini yomwe, ndipo kilatchi yake muiyese. Injini ikatentha fani iyenera kugwira ndi kulira mwamphamvu moti mumaimva muli m'kabini. Ikamangozungulira mwaulesi, mafuta a silikoni a mkati mwake anatha. Amathiridwanso kapena mugule ina. Chikombole cha pulasitiki chozungulira fani chija, chimene amakaniko ambiri amataya poti chimasokoneza manja, chibwezereni. Popanda icho fani imakoka mpweya wa m'mbali m'malo mokoka wodutsa mu rediyeta. Ngati cha mu half cut sichikukwana, wokhoma zidebe akupangirani cha malata.

Thermostat isachotsedwe. Chizolowezi chimenechi chinazika mizu m'magalaja mwathu, poganiza kuti kuno n'kotentha ndiye siifunika. Thermostat ndi imene imalamula njira ya madzi. Ikachoka, ena amangozungulira m'buloko osakafika ku rediyeta, ndipo m'mawa injini imachedwa kutentha n'kumadya maring'i. Thirani coolant weniweni wosakaniza ndi madzi oyera, chifukwa ndi amene amateteza aluminiyamu kuti isadyeke. Chotsekera rediyeta chikhale chatsopano. Pothira, galimoto iyang'ane kumtunda, hita ikhale yotsegula, injini ilire mpaka thovu lonse litatuluka.

Chomaliza apa, gulani geji ina ya kutentha yoonetsa manambala, muimange pa paipi ya madzi yotuluka ku hedi. Geji ya Toyota ya pa dashibodi imakhala pakati nthawi yaitali ngakhale kutentha kukukwera, ndipo pamene muvi ukuyamba kusuntha zinthu zimakhala zitafika kale patali. Komanso sensa ya injini yatsopano siigwirizana nthawi zonse ndi geji ya galimoto yakale, n'chifukwa chake ndinati musunge masensa a injini yakale.

Dizilo, mpweya ndi ekizozi

Tsitsani thanki muitsuke, poti mwafika kale apa. Fyuluta ya dizilo ikhale yokhala ndi kapu yolekanitsa madzi, ndipo ngati mumagula mafuta a m'zigubu nthawi ya kusowa, ikani mafyuluta awiri motsatizana. Paipi yobwezera dizilo ku thanki ilumikizidwe bwino.

Tabo imadana ndi fumbi. Gwiritsani ntchito bokosi la fyuluta la mu half cut, ndipo malo onse olumikizira mapaipi amangidwe ndi makilampu, osati mphira za chubu. Kabowo kakang'ono pakati pa fyuluta ndi tabo, pa msewu wafumbi wa kumudzi, kamatha injini m'chilimwe chimodzi. Ekizozi ya 3L ndi yopapatiza kwa injini ya tabo. Pangitsani ya mainchesi awiri ndi theka, yokhala ndi kachigawo kofewa pafupi ndi injini kuti kugwedera kusathyole paipi, ndipo idutse kutali ndi mapaipi a mabuleki.

Mawaya

1KZ-TE siingalire popanda kompyuta yake. Kompyutayo imamva kuthamanga kwa injini, kutentha kwa madzi, mphamvu ya tabo ndi mmene mwapondera, kenako n'kulamula mavavu amagetsi a pa pampu. Njira yabwino ndi kusiya mawaya a injini monga anabwerera, osadula, n'kulumikiza ku galimoto yanu ochepa okha ofunika: moto wa batire wodutsa pa fyuzi, moto wa pa kiyi, waya wa sitata, rile ya magulo pulagi, nyale ya chaji, ya oyilo, geji ya kutentha, ndi nyale ya check. Nyale ya check musaisiye. Pa injini za zaka zimenezi, mukalumikiza ndi kawaya timabowo ta TE1 ndi E1 m'kabokosi ka diagnosis, nyaleyo imaphethira manambala okuuzani chimene chavuta, popanda makina aliwonse. Ngati half cut ili ya zaka za kumapeto yokhala ndi kiyi wa chitetezo, tengani kiyiyo, kabokosi kake ndi kompyuta zonse pamodzi.

Kompyuta ikhale m'kabini, m'mwamba kuseri kwa dashibodi, kumene madzi sangafike mukamaoloka mitsinje m'dzinja. Mawaya alumikizidwe ndi mtovu ndi kukutidwa bwino. Opotokola ndi zala n'kukulunga tepi amagwira miyezi itatu, kenako galimoto imayamba kuzima yokha pa mabampu. Ikani mawaya ochindikala a ethi kuchokera ku batire kupita ku injini, ku chasisi ndi ku bodi. Mavuto ambiri amene anthu amanamizira kompyuta amakhala a ethi yosagwira.

Ena amachotsa pampu yamagetsi n'kuika pampu wamba kuti athane ndi kompyuta. Toyota yomwe inapangapo 1KZ-T ya pampu yotero, ndipo kwa galimoto yokhala kutali ndi tawuni nzeru imeneyi si yoipa. Koma pampuyo ichunidwe ndi katswiri pa makina ake. Akaitsegulira mafuta mopyola kuti galimoto izithamanga, utsi wakuda umene mukuuonawo ndi moto umene ukuwotcha hedi.

Kuima n'kofunika kuposa kuthamanga

Injini ya dizilo imafuna pampu yapadera yokoka mpweya kuti buleki ikhale yofewa. Pa 3L pampuyi ili kumbuyo kwa alitineta, pa 1KZ ili pa injini penipeni. Onetsetsani kuti paipi yake yafika ku busitala ya mabuleki ndipo sikutaya. Sinthani mapadi, mashuzi a kumbuyo, mapaipi amphira ndi mafuta onse a mabuleki. Kumbuyo, pamwamba pa difu, pali kavavu kokhala ndi ndodo kamene kamaonjezera mphamvu ya buleki ya kumbuyo galimoto ikalemedwa. Kawirikawiri kamakhala kouma ndi dzimbiri kapena komangidwa ndi waya. Kakonzeni.

Ndipo injini yaikulu siisintha kulemera kumene galimoto inapangidwira. Pikapu ya tani imodzi ndi ya matumba 20 a makilogalamu 50, kaya muli 2L kaya 1KZ. Kale injini yofooka ija ndi imene inkakuletsani kupakira matumba 35, poti sikanakwera nawo. Tsopano ikwera nawo mosavuta, koma potsika Thabwa amene agwire ntchito ndi mabuleki omwe aja, maakisulo omwe aja ndi matayala omwe aja.

Za difu: ma Hilux a injini zing'onozing'ono ali ndi difu yofupika, choncho 1KZ imalira kwambiri pa msewu wa tala. Kuti mudziwe yanu, kwezani tayala limodzi la kumbuyo, mulizunguze kawiri, muwerenge kuti propushafti yazungulira kangati. Ikazungulira pafupifupi kasanu, difu ndi yofupika kwambiri, ndipo ya 4.3 kapena 4.1 ingakupulumutsireni mafuta. Pa 4x4 ya kutsogolo ndi ya kumbuyo ziyenera kufanana ndendende. Koma izi zikhoza kudikira mpaka mutayenda nayo n'kuimva.

Kuliza koyamba, mapepala, ndi ulendo woyesera

Thirani oyilo ndi fyuluta yatsopano, muthirekonso pang'ono pa paipi yolowa mu tabo. Popani dizilo ndi kapampu ka pa fyuluta mpaka kalimbe. Chotsani pulagi ya pa pampu kuti injini isalire, muizunguze ndi sitata mpaka nyale ya oyilo itazima, kenako bwezerani pulagi. Pafupi pakhale kathabwa kosalala. Injini ya dizilo ikayamba kumwa oyilo wake kudzera mu tabo imathamanga yokha osamvera kiyi, ndipo njira yoizimitsira ndi kutseka polowera mpweya ndi thabwalo. Osayerekeza ndi dzanja.

Ikalira isiyeni pa sayilensi, wina ayang'ane pansi ndi tochi, wina pa mageji. Dikirani mpaka thermostat itatseguka, paipi zonse ziwiri za rediyeta zitatentha. Zimitsani, izizire, onjezerani madzi, mangitsaninso makilampu.

Musanayambe maulendo, malizani za mapepala. Nambala ya injini imene ili mu bulu buku si imene ili m'galimoto tsopano. Tengani lisiti ija ndi mapepala ake, galimoto ikaonedwe ndi apolisi, kenako mupite ku Road Traffic akasinthe nambala ndi kukula kwa injini m'kaundula wawo wa pa kompyuta wa MalTIS, galimoto iyezedwenso COF. A inshuwalansi nawonso auzeni polemba kalata, chifukwa pa ngozi amayang'ana ngati galimoto ili monga inalembedwera. Ku Zambia nkhani yomweyi imapita ku RTSA, ndipo ku South Africa amafuna chikalata cha apolisi asanasinthe m'kaundula. Amene mumadutsa pa Mwanza, Dedza kapena Mchinji mukudziwa kuti pa chipata amatha kutsegula boneti.

Sabata yoyamba yendani pafupi, opanda katundu, sipanala zili m'galimoto. Madzulo alionse gwadani muone ngati pali chodontha, mugwire mabawuti a mauntingi ndi a propushafti. Mukafika kumene mukupita mutathamanga, isiyeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse, kuti tabo izizire oyilo akuyenda. Sabata yachiwiri pakirani theka la katundu, mupite pa chitunda chimene chinkaivutitsa kale, masana dzuwa lili pamutu. Kwerani mu giya imene injini ikulira momasuka, osati yaikulu yoikakamiza, diso lili pa geji ya manambala ija. Ikamasewera m'madigiri 80 mpaka 90 n'kutsika mukafika pamwamba, zili bwino. Ikamakwerabe kulunjika ku 100 osabwerera, patukani, isiyeni ilire pa sayilensi boneti ili yotsegula, osatsegula chotsekera rediyeta, ndipo mukabwerera ku galaja yambirani pa fani ndi chikombole chake. Mukakwanitsa makilomita 1,000 khuthulani oyilo ndi kusintha mafyuluta onse, kenako dulani fyuluta ya oyilo yakaleyo ndi sowo muone ngati mkati mwake muli tizitsulo tonyezimira.